Yunivesite ya Pamwamba pa Sitolo ya Matayala

A Bonaventure Msokera anali atayesa zambiri asanatulukire maphunziro. Anaweta nkhuku, zonse zinapita ndi chitopa. Anagula maminibasi awiri, madalaivala anawadya mpaka kutsala zigoba. Anatsegula nyumba yogona alendo kuseri kwa depoti, koma alendo ake anali ofika masana n'kutuluka dzuwa lisanapendeke, mpaka mayi a kunyumba, omwe anali mtsogoleri wa amayi a chigwirizano, anawauza kuti asankhepo chimodzi, banja kapena bizinesiyo.

Nzeru ya yunivesite inawapeza ali m'galimoto, atapanikizika pamzere wa pamlatho wa Lilongwe. Pawailesi ankakamba za zotsatira za mayeso a folomu 4. Ankati achinyamata okhoza ndi miyandamiyanda, malo m'mayunivesite a boma ndi ochepa, ndipo otsalira akuchulukirachulukira chaka ndi chaka. Kenaka panabwera bambo wina wodandaula kuti mzinda ukukula ngati moto wolusa koma makampani akusowa anthu aluso. Aliyense amene anamva nkhaniyo anapukusa mutu. A Msokera anamwetulira okhaokha, mpaka mayi wogulitsa nthochi amene anaima pawindo lawo anayesa kuti wapeza kasitomala.

Mwezi usanathe anali atachita lendi zipinda za pamwamba pa sitolo ya matayala ku Area 2, momwe kale munali telala ndi wometa tsitsi. Chikwangwani anakhomapo chinali chachitali kuposa khonde lenilenilo: Msokera International University of Future Skills. Udokotala anaugula pa intaneti ku koleji ina ya kunja imene palibe anaionapo ndi maso, ndipo kuyambira tsiku limenelo wowaitana kuti bambo Msokera sankamumva. Makutu awo ankatseguka pokhapokha munthu akati Dokotala.

Ursula Chadewa anakwera masitepe a sukuluyo nsapato zake zitatha ndi misewu ya ku City Centre. Anali ndi digiri yeniyeni ya zachuma, yoivutikira zaka zinayi, ndipo zaka zinanso zinayi anazithera pozungulira maofesi ndi envulopu ya khaki mpaka alonda a m'mageti anayamba kumupatsa moni pomutchula dzina. Ankakhala ku Kawale ndi amayi ake, a Nachisale, omwe ankagulitsa tomato ndi anyezi mumsika waukulu wa ku Old Town, komanso mng'ono wake Triza amene anali mu folomu 4.

A Msokera anangoyang'ana chidindo cha pa digiriyo n'kuibweza.

“Kompyuta mumaidziwa?”

“Pang'ono, Dokotala.”

“Very good. Ndinu mkulu wa zaukadaulo. Nanga masamu?”

“Ndinaphunzirako.”

“Ndinunso mkulu wa zamalonda. Muyambe mawa.”

Mawa lake Ursula anapeza kuti analinso wolembetsa ophunzira, woyang'anira laibulale yomwe inali isanakhale ndi mabuku, komanso wosunga kiyi wa kuchimbudzi. Aphunzitsi ena anali awiri, ongobwera akaba nthawi kuntchito zawo zenizeni. Ophunzira analipo, ngakhale sankadzaza mabenchi atatu. Anali ana a ku Mitundu, ku Nathenje ndi ku Mpingu, amene makolo awo anagulitsa soya, fodya kapena ng'ombe kuti mwana adzavale mkanjo tsiku lina.

Mmodzi mwa iwo anali Lekani, mnyamata wofatsa, wa maso ofunsa. Bambo ake, a Lawford, ankagulitsa mbatatesi moyandikana ndi benchi la a Nachisale. Iwo anali akukayikira sukuluyo poyamba, koma atamva kuti Ursula akuphunzitsa kumeneko mtima unakhala pansi. “Mwana wa Nachisale sangakhale pamalo achabe,” anatero pamaso pa msika wonse. Lekani analembetsa digiri ya dzina lalitali, yokhudza makompyuta oganiza okha ndi utsogoleri, ndipo atatha miyezi ingapo akukopera za pabolodi anakweza mkono a Msokera atalowa m'kalasi.

“Dokotala, kompyuta tiyamba liti kuigwira?”

“Woyendetsa ndege amayamba n'kugwira ndege?” anafunsa a Msokera. “Amayamba ndi theory. Ukathamangira kugwira zinthu udzakhala makaniko. Kuno tikuumba atsogoleri.”

Kompyuta pasukulupo inali imodzi, ya mu ofesi mwawo, ndipo ankaonerapo mpira.

Zinthu zikanapitirira choncho pakadapanda Bwalo la Olemba Ntchito a mu Mzinda. Limeneli linali gulu la eni makampani lomwe ntchito yake yaikulu inali kudandaula m'manyuzipepala kuti Lilongwe akumera nyumba mbali zonse, njira ya ku Mchinji, ya ku Salima, ya ku Dedza, koma odziwa magetsi a dzuwa, makompyuta ndi zomangamanga akusowa, ndipo zaka khumi zikubwerazi zidzafika poipa. Tsopano linali litapeza thandizo kwa azungu ena kuti liphunzitse achinyamata, ndipo linkafuna koleji yoti ligwire nayo ntchito. Wapampando wake anali mayi Phyllis Matewere a ku Area 10, mwini kampani yomanga nyumba, mayi wa mawu akuthwa amene ana ake onse ankaphunzira kunja. A Msokera anawalondola kutchalitchi, kumaliro ndi kuukwati mpaka anavomera kuti adzabwera Lachitatu kudzaona yunivesiteyo.

“Ndikufuna holo yodzaza,” a Msokera anauza Ursula atatseka chitseko cha ofesi. “Makompyuta ndakambirana kale ndi mnyamata wokonza uja wa pakona, atibwereka zigoba zonse zili kuseri kwake. Mabuku abusa anga atithandiza. Chatsala ndi anthu.”

“Tiwatenga kuti, Dokotala?”

“Kwathu ku Area 9 geti lililonse lili ndi munthu. Kuseri kwa mpanda uliwonse wina akuthirira maluwa, wina akuchapa. Mlonda wanga auza anzake, anzakewo auzanso anzawo. Tisheti, Fanta ndi banzi, basi.”

“Koma limeneli ndi bodza.”

A Msokera anamuyang'ana mwachifundo, ngati mwana amene walephera funso lophweka. “Bodza ndi kunena zimene kulibe. Ine ndikuwaonetsa zimene zidzakhaleko. Imeneyo timati vision.” Ataona kuti Ursula sakusuntha analoza pansi ndi chala. “Amene akupopa matayala pansipa ali ndi dipuloma. Mukafuna kukamuthandiza, masitepe ndi omwewo munakwerera.”

Ursula anatuluka mtima ukumuwawa. Ali m'minibasi anakonza mawu onse okanira, ndipo anali mawu abwino. Koma atadutsira kumsika anapeza amayi ake akuuza kasitomala wina, amene sanafunse n'komwe, kuti mwana wawo ndi lekichala ku yunivesite. Mawu aja anawameza. M'mawa mwake anali akupukuta fumbi pa zigoba za makompyuta.

Lachitatu lija midzi ya m'boma la Lilongwe inagwa maliro ochuluka kuposa chaka cha njala. Ku Area 9, ku Area 3 mpaka ku Area 10, mabwana ndi madona anadzuka n'kupeza antchito awo ataima pakhomo la kukhitchini, manja kumbuyo, nkhope zakugwa. Uyu agogo amwalira ku Nsaru, uyu malume atisiya ku Kabudula, uyu mwana wa achimwene ku Chitedze. Amalume ena anamwalira kachiwiri tsiku limenelo. Pofika m'mawa ndithu anamfedwa onsewo anali atakwera masitepe a ku Area 2 akuseka, akulimbirana matisheti achikasu.

Ursula anawakhazika pamabenchi n'kuwaphunzitsa zoyankha. Alendo akalowa, onse aimirire. Akafunsidwa zimene amaphunzira, anene kuti future skills, asawonjezere kanthu. Mayi wina dzina lake Elube, wophika ku Area 9, wamkulu kuposa a Nachisale, anakana kuvula mpango kumutu ndipo Ursula anamukhazika kumbuyo. Pabenchi lachiwiri panakhala Japhet, mlonda wamtali, wa mapewa otambalala, amene anaitanidwa ndi mlamu wake. Yekhayo anabwera ndi cholembera chake.

“Madamu,” anatero Japhet, “tikamaliza lero, satifiketi mutipatsa?”

Holo yonse inafa nacho chiseko. Japhet sanaseke.

Alendo anachedwa, monga amachedwera anthu ofunika. Pofuna kuti phokoso lichepe, Ursula anatenga choko n'kuyamba kufotokoza chifukwa chimene chimanga chimatsikira mtengo nthawi yokolola n'kukwera mu Januwale. Anayamba mongotayira nthawi, koma atacheuka anapeza holo ili zii, maso onse ali pa iye. Japhet ankalemba pang'onopang'ono kuseri kwa pepala la kalendala, lilime lili panja. Chiyambire ntchito pamalopo Ursula anali asanaphunzitsepo anthu ochuluka chotero, ndipo zinamupweteka kuti kalasi yake yoyamba yodzaza inali yobwereka.

Kunja kunamveka mahutala. Magalimoto atatu akuluakulu anatseka khomo la sitolo ya matayala, ndipo mayi Matewere anakwera masitepe atanyamula m'mphepete mwa diresi kuti lisakhudze khoma. Pambuyo pawo panali a Harold, bambo wonenepa, mwini kampani ya zamagetsi, ndi ena atatu ogwira mafoni. A Msokera anawalandira atavala mkanjo wofiira ndi chipewa cha ngayaye, thukuta lili kamukamu.

Anayambira ku laibulale. Mabuku a abusa anali atandandalikidwa bwino, misana yokha ikuoneka: ndemanga za Baibulo, mabuku a nyimbo, ndi mabuku akale a manambala a telefoni amene anawakuta ndi mapepala a khaki. A Msokera sanalole kuti munthu aime. Anawakankhira onse kuchipinda cha makompyuta, kumene zigoba zija zinali mndandanda, zikuwala ndi polishi.

“Tayatsani imodzi tione,” anatero a Harold.

“Ah, bwana, dziko lathu mukulidziwa,” anayankha a Msokera akutambasula manja. “Magetsi angozima kumene.” Anali atathimitsa okha pa switchi yaikulu alendo asanafike.

Nthawi yomweyo kompresa ya pansi pa sitolo inalira, nyumba yonse n'kunjenjemera.

“Anzathuwa ali ndi jenereta,” anafulumira kutero a Msokera. “Yathu ili pa doko ku Beira. Tiyeni mukaone chuma chathu chenicheni, ophunzira.”

Chitseko cha holo chitatseguka, anthu onse anaimirira mwakamodzi n'kupereka moni wachingerezi wamphamvu ngati asilikali. Mayi Matewere anagwedeza mutu mokhutira. A Msokera anayamba kulankhula za mzinda wa mawa, za mafakitale amene adzafune manja ophunzira, za achinyamata awa amene adzanyamule chigawo chapakati pamapewa awo. Mayi Matewere ankayendetsa maso pa mabenchi, kenaka maso aja anaima.

“Japhet?”

Japhet anayesa kubisala kumbuyo kwa mnzake, koma thupi lake silinali lobisika.

“Japhet, si iwe unandigogodera m'mawa uno kuti agogo ako amwalira ku Nsaru?”

“Ndi ine, madamu.”

“Ndiye maliro ake ndi ano?”

A Harold anayamba kuseka, koma chiseko chinawathera pakhosi ataona wosamalira maluwa wawo atakhala pawindo, atavala tisheti yachikasu pamwamba pa ovolosi imene anamugulira okha. Mlendo wina anazindikira Elube, amene ankaphika kwa mchemwali wake. Mabenchi anayamba kulira, ena akusuzumira kukhomo.

Apa m'pamene a Msokera anaonetsa kuti udokotala wawo sunali wa chabe. Anaseka mokweza, n'kuwomba m'manja.

“Mwatigwira! Mayi wapampando, mwatigwira! Imeneyi ndiye pulogalamu imene timainyadira kwambiri, lifelong learning. Anthuwa amaphunzira mobisa chifukwa amaopa mabwana awo. Mlonda wa lero ndi injiniya wa mawa. Kodi si luso limeneli mukulifuna?”

A Harold, amene ankafuna njira yothawira manyazi, anayamba kuwomba m'manja. Awiri ena anatsatira. Zikanatheka ndithu. Koma mayi Matewere sanali munthu wolola kuti wantchito wawo akhale ndi chinsinsi, chingakhale chabwino. Anatembenukira kwa Ursula, amene anaima pabolodi choko chili m'manja.

“Inu ndinu mphunzitsi wawo? Japhet wakhala akuphunzira kuno nthawi yaitali bwanji?”

Ursula anaona a Msokera akumutsinzinira diso. Anaona Japhet atazolika. Kenaka anaona Lekani pabenchi loyamba, akumuyang'ana ndi maso ake ofunsa aja, ndipo anadziwa kuti chilichonse anene chikafika kumsika dzuwa lisanalowe.

“Wabwera lero,” anatero. Mawu anatuluka aang'ono, ndiye anabwereza. “Onsewa abwera lero. Ophunzira enieni, taimirirani.”

Anaimirira ochepa aja, osadzaza mabenchi atatu. Lekani anapita yekha kuchipinda china, anabwera atanyamula chigoba chimodzi ndi dzanja limodzi, n'kuchitsegula pamaso pa alendo. Munali ndowe za makoswe ndi chipepala cha mabisiketi.

Mayi Matewere sanakalipe. Anatenga chikwama chawo n'kunena mawu amodzi okha, kwa Japhet: “Ukatenge katundu wako lero, kiyi usiye kwa wophika.” Anatsika masitepe, ena onse pambuyo. Holo inaphwasuka. Anamfedwa aja anathamangira kukhomo, ena akufunsa ngati Fanta ilipobe.

Ursula anawathamangira mayi Matewere n'kuwapeza pagalimoto, Japhet atagwada kale pakati pa matayala akupepesa, iwo osamuyang'ana.

“Mayi, ndikupempha. Bamboyu sanadziwe kuti mubwera ndinu. Anangouzidwa za tisheti.”

“Wabodza ndi wabodza. Ine pageti panga sindiika wabodza.”

“Nanga ophunzira enieni aja? Ndi ana akhama, anangonamizidwa. Kampani yanu singawatengeko kuti aziphunzira ntchito? Ngakhale awiri okha.”

“Ali ndi experience?”

“Ayi, n'chifukwa chake ndikupempha.”

“Ife timalemba munthu amene wagwirapo ntchito zaka zisanu. Kampani si sukulu.”

“Nanga zaka zisanuzo akazipeza kuti, aliyense akamatero?”

“Funso limenelo mukafunse boma, mwana wanga,” anatero mayi Matewere. Dalaivala anatseka chitseko, galasi linakwera, ndipo galimoto inabwerera chambuyo mpaka Japhet anachita kudumpha. A Harold ndiwo anali achifundo. Anangouza wamaluwa wawo kuti kapinga akhale atathiriridwa iwo asanafike kunyumba.

Pamwamba a Msokera anali atavula mkanjo. Sanakuwe. Analandira kiyi wa kuchimbudzi m'manja mwa Ursula n'kunena kuti, “Yudasi ndiye bola, anayamba wapsompsona.”

Bwalo la Olemba Ntchito linalengeza kuti nkhani ya luso ndi yozama, yofunika kafukufuku. Ntchito ya kafukufukuyo inapatsidwa kwa mphwake wa mayi Matewere, ndipo thandizo la azungu lija linathera m'misonkhano ya kuhotela ku City Centre, kumene anthu ankamwa tiyi kawiri asanadye nkhomaliro n'kugwirizana kuti achinyamata a masiku ano ndi aulesi. A Msokera anapita pawailesi kukanena kuti adani a chitukuko anatuma mtsikana wina wansanje kuti awononge yunivesite ya Mmalawi mnzawo, chifukwa anthu akuda sitifunirana zabwino. Oimba foni ambiri anagwirizana nawo.

Ursula anakhala masiku angapo osatuluka m'nyumba. Atalimba mtima anapita kumsika kukaonana ndi a Lawford. Anawapeza akusankha mbatatesi zowola m'thumba.

“Bambo, ndabwera kudzapepesa. Munamutumiza Lekani kuja chifukwa cha ine.”

“Wandiuza zonse,” anatero a Lawford osadzutsa mutu. “Za makoswe zomwe.”

“Ndiye muchotseniko. Musatayenso mbewu zanu.”

“Ndimuchotse apite kuti?” Tsopano anamuyang'ana. “Ku boma wayesa kawiri, sanamutenge. Makoleji enawo ndi a ana a ku Area 10. Kumudzi aliyense akudziwa kuti mwana wa Lawford ali ku yunivesite, abusa anachita kulengeza m'tchalitchi. Abwere pano azidzaingitsa ntchentche?”

“Koma pepala adzalandire kumeneko ndi lopanda ntchito.”

“Nanga lanu lija, lenileni lija, lakugwirirani ntchito yanji?”

Sananene mwachipongwe. Anafunsa ngati munthu wofunadi kudziwa. Lolemba lotsatira Lekani anabwerera m'kalasi.

Zotsatira za mayeso a chaka chimenecho zitatuluka, Triza anakhoza bwino kwambiri, koma dzina lake silinatuluke pa osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma. Analira masiku awiri, kenaka anayamba kukhala pakhonde kuyang'ana msewu. Tsiku lina Ursula akudutsa ku Area 2 anaona mzere wa anthu utatsika masitepe aja, utadutsa sitolo ya matayala mpaka kukhota pakona. Anali makolo ovala majekete a kutchalitchi ndi ana awo onyamula maenvulopu. Woyang'anira mzerewo anali Japhet, atavala yunifolomu yatsopano ndi chibonga m'manja.

“Madamu!” anamuitana mosangalala. “A Dokotala anandilemba ntchito. Akuti anthu ngati ine ndi amene yunivesite ino inatsegulidwira.”

“Akukulipirani?”

“Malipiro akulowa ku fizi. Ndiyamba kalasi ya madzulo akangopeza mphunzitsi.”

Ursula anatsegula pakamwa, koma Japhet anali atatembenuka kale kukakalipira bambo wina amene ankafuna kulowerera mzere.

Madzulo a tsiku lomwelo a Nachisale anamukhazika pansi. Anayamba ndi kuzungulira, za mtengo wa tomato, za mwendo wawo umene unkatupa, kenaka anafika pa nkhani.

“Ukawapepese a Dokotala. Mwina angamuganizire mng'ono wakoyu.”

“Amayi, kodi simunamve zimene ndinakuuzani? Kulibe sukulu kuja.”

“Ndinamva. Koma ana a anzanga onse ali konko. Iweyo choona chakocho chatipatsa chiyani?”

Ursula anatembenukira kwa Triza. Anamufotokozera zonse mosabisa, za mabuku a telefoni, za switchi, za aphunzitsi ongobwera akafuna. Anamuuza kuti adikire chaka chamawa ayesenso, kapena akayese ku sukulu za ntchito zamanja. Triza anamvetsera mpaka pamapeto.

“Asisi, zonsezo ndikuzidziwa,” anatero. “Kwa zamanjako ndinapita, malo anadzaza kalekale. Ine pakhomo pano ndatopa. Bola ndizidzuka m'mawa n'kumapita penapake.”

M'mawa mwake a Nachisale anavala chitenje chawo cha pa Sabata, anagwira tambala amene ankasungira Khirisimasi, n'kunyamuka ndi Triza. Ursula anatsala pabenchi la tomato. Anaunjika milu monga ankachitira ali mwana, zazikulu pansi, yokongola pamwamba, ndipo a Lawford anamubwereka kampando.

Anabwerako dzuwa litapendeka, tambala atatsala komweko. Triza anali atalembetsa digiri ya zamalonda a pakati pa mayiko. A Nachisale nkhope inali yowala.

“Ndi munthu wa Mulungu bambo uja,” anatero. “Akuti anakukhululukira kalekale. Ana achuluka, akusowa mphunzitsi wa zachuma. Akuti ukabwerera akakupatsa udindo woposa uja, ukakhala Dean.”

Ursula anapitiriza kuwaza madzi pa tomato. Amayi ake anabwereza, a Lawford nawo anaikapo mawu, mayi wa anyezi wa benchi lachitatu anati mwayi sudikira munthu. Ursula anati ayi. Ananena kamodzi kokha, ndipo a Nachisale sanamulankhule mpaka Lamulungu.

Malowo sanakhalitse. Anawatenga Thokozani, mnyamata amene ankakhala nambala wani m'kalasi mwa Ursula ku yunivesite yeniyeni ija, amene aphunzitsi ankati adzakhala nduna ya zachuma. Anabwera yekha kumsika atavala tayi, anaima patsogolo pa benchi akuponda madzi a tomato, n'kufunsa Ursula monong'ona ngati a Dokotala amalipira mwezi ukatha. Ursula anamuuza zoona. Thokozani anagwedeza mutu, anati ayesabe, poti kukhala n'kowawa. Pochoka anabwereranso n'kufunsa ngati Ursula angamubwerekeko manotsi ake a chaka choyamba, chifukwa ake iye, mlongo wake anakutira mandasi.